Kodi Nthondo Tingamkhulupirire?

Ophunzira a sekondale a ku Naisi ndi m'chigwa chonse cha Domasi, monga anzao m'Malaŵi monse, akhala akuŵerenga buku la Nthondo, limene Samuel Josia Ntara analemba, nilituluka m'chaka cha 1933. Ambiri amalitseka mtima uli m'malo: woipa uja watembenuka, nkhani yatha. Ife tiyesa kuti funso lalikulu liyambira pomwepo. Kodi munthu amene tamuona akuba ndi kunama kuyambira ubwana wake tingamkhulupirire chifukwa chokha chakuti mlembi wanena kuti wasintha?

Tiyenera kuvomereza kuti Ntara anali mmisiri pojambula uchimo. Nthondo wakubayo timamdziŵa bwino: timamtsata pamudzi, pa ulendo wake wokafuna ntchito kutali, ndi pobwerera kudzaloŵa ufumu. Koma Nthondo wachikhristu timamuona kumapeto kwenikweni, kwa kanthaŵi kochepa. Masamba ambiri achitira umboni kuipa kwake. Oŵerengeka okha ndiwo achitira umboni kutembenuka kwake. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nkosadabwitsa kuti anafuna kuti nkhani ithere m'chikhristu. Komabe chifuniro cha mlembi sichingaloŵe m'malo mwa umboni.

Kuti tione bwino, timuike Nthondo pambali pa Long John Silver wa m'buku la achinyamata la Treasure Island, limene Robert Louis Stevenson anatulutsa mu 1883. Silver ndi wophika wa m'sitima, wamwendo umodzi, wapakamwa pokoma, amene mnyamata Jim Hawkins amkonda. Koma Jim yemweyo amuona akupha munthu. Pambuyo pake Silver ateteza Jim kwa achifwamba anzake, ndipo oŵerenga achichepere amayamba kumuyesa bwenzi. Tikayang'anitsitsa tipeza kuti zabwino zake zonse zimampindulira iye mwini, pakuti mnyamatayo ndiye chikole cha moyo wake. Potsiriza athaŵa ndi thumba la ndalama. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Stevenson anatipatsa umboni wokwanira kuti tiweruze, ndipo chiweruzo nchakuti Silver sangakhulupirike. Ntara sanatipatse wokwanira.

Kodi muyeso wake ndi uti? Eklezia anauika kale. Msonkhano wa Trent, mu 1551, unaphunzitsa kuti wolapa achite zitatu: kumva chisoni, kuulula machimo, ndi kulipira. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti kubweza chakuba ndi ntchito ya chilungamo yofunika pa chipulumutso, ngati nkotheka kutero. Zakeyo timamkhulupirira popeza kutembenuka kwake kunamdyera chuma: analonjeza kupatsa amphaŵi theka la zake ndi kubweza kanayi zimene analanda. Choncho pa munthu woipa wa m'nthano iliyonse tifunse kuti: kusinthaku kwamtayitsa chiyani? Wachita chabwino chanji pamene sichikanampindulira? Wapirira nacho nthaŵi yotalika bwanji?

Sitikunena kuti Nthondo ananyenga. Mbala ija ya pa mtanda inalandira chifundo pa ola lomaliza, ndipo chaulere cha Mulungu sichiyembekezera chilolezo chathu. Tikunena kuti kukhululukira ndi kukhulupirira nzosiyana. Chikhululukiro timapereka chifukwa Ambuye analamula. Chikhulupiriro chimakula pang'onopang'ono pamene ntchito zaoneka. Bukuli litilola kumkhululukira Nthondo, koma silinatipatse masiku okwanira kuti timsungitse nkhokwe.

Abale athu a m'seminale, nkhaniyi mudzakumana nayo pa parishi, tsiku limene munthu amene anadya ndalama za mphakati adzalapa, akhristu nakufunsani ngati angamsankhenso kukhala msungichuma. Mudzampatsa chikhululukiro mosazengereza. Za thumba, mudzayamba mwaona ngati wabweza. Achinyamata amene aphunzira kufunsa mafunso ameneŵa poŵerenga Nthondo sadzavutika kumvetsa chifukwa chake.