Luso la Mayosi posaka gwero la nthenda ya mtima

Ku Manjawira, pamsewu wa M1 m'boma la Ntcheu, zilonda zapakhosi sizidetsa nkhawa: mwana amadwala masiku ochepa n'kubwerera kusukulu. Koma zikadza ndi bakiteriya wa Streptococcus wa gulu A, chitetezo cha m'thupi mwa ana ena chimasokonekera n'kuukira mwini wake. Mfundo zimatupa, tizitseko ta mtima nato timatupa n'kutsala ndi zipsera. Ana ambiri amapulumuka. Nanga bwanji nthendayi imagwira mwana wina yekha, osati mnzake wogona naye mphasa imodzi?

Pulofesa Bongani Mayosi wa ku University of Cape Town analimbana ndi funsoli, ndipo luso lake linali podziwa woyenera kumufananitsa ndi mnzake. Nthendayi imakonda nyumba zothinana, ndipo pachibale anthu amagawana magazi, umphawi ndi chifuwa chomwe. Ukapeza odwala awiri m'banja limodzi, sungafulumire kunena kuti n'zakumtundu.

Choncho mu 2011 iye, Mark Engel ndi anzawo anatembenukira kwa mapasa. Anasonkhanitsa zolembedwa zokhudza mapasa a m'mabanja 435. Pa mapasa ofanana ndendende, wina akadwala, mnzake ankadwalanso maulendo 44 pa 100 alionse. Pa mapasa osafanana, maulendo 12 okha. Onsewo amakulira pakhomo limodzi n'kudyera mbale imodzi, ndiye chowasiyanitsa chachikulu ndi DNA. Mlimi wofuna kudziwa mbewu yamphamvu amazidzala zonse m'munda umodzi.

Kenaka panabwera kafukufuku wa RHDGen, m'mayiko 8 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia ndi Mozambique. Munali odwala 2,548 ndi anthu 2,261 opanda nthendayi. Wodwala sankamulemba pongomva kudandaula kwake. Ankamugoneka chammbali, kumupaka mafuta oterera pachifuwa, n'kuyendetsa kachipangizo ka echo pakati pa nthiti mpaka kachitseko ka mitral kataoneka bwinobwino: kokhuthala, kouma, kosatseka mokwanira, magazi akubwerera kumene achokera.

Panalinso msampha wina. Anthu a mu Africa amasiyana DNA kuposa a dera lina lililonse padziko. Ukayerekeza wodwala wa ku Sudan ndi munthu wabwinobwino wa ku Zambia, upeza kusiyana kochuluka kosakhudzana ndi mtima. Ofufuzawo anasamala powerengera kochokera munthu aliyense, ndipo zomwe anapeza anaziyesanso m'mabanja, poona zimene mwana wodwala watengera kwa bambo ndi mayi ake.

Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya JAMA Cardiology, dzina la Tafadzwa Machipisa lili patsogolo, Mayosi atamwalira kale mu 2018. Anapeza malo pa chromosome 11 amene amakweza chiopsezo mwa anthu akuda a mu Africa.

Chosiririka n'chakuti ofufuzawo sanakometse nkhani. Anapeza chiopsezo, osati chiweruzo, pakuti popanda bakiteriya uja chibadwa pachokha sichiwononga tizitseko ta mtima. N'chifukwa chake ntchito ikadali m'manja mwa makolo ndi anamwino: penisilini msanga pakhosi pakachita zilonda, ndi jakisoni wa benzathine mwezi ndi mwezi kwa mwana amene mtima wake unakhudzidwa kale. Ndipo banja limene munadwalapo mwana mmodzi lili ndi chifukwa chokwanira chokapimitsa abale ake onse.