Kafayilo Kapambali

Mu April 2006, anthu ogwiritsa ntchito Internet Explorer anapeza kuti masamba ena a pa intaneti ayamba makani. Ukasendeza kamuvi ka mausi pa kanema kapena pa masewera a Flash, pankatuluka mzere wotuwa wozungulira chinthucho, pamodzi ndi kauthenga konena kuti udine kaye kuti chidzuke. Kanemayo ankayenda ndithu, nyimbo n'kumamveka, koma mabatani ake anali ogontha. Kudina koyamba kunali ngati "odi" wa pakhomo, kwachiwiri ndiye kulowa. Wogwiritsa ntchito kiyibodi ankayamba wakanikiza Spacebar kapena Enter. Ukapita pa tsamba lina n'kubwereranso, unkaodiranso.

Sikuti pulogalamuyo inali itawonongeka. Microsoft inachita dala, ndipo gwero lake linali mlandu wa patent, chikalata chimene boma limapereka kwa wotulukira luso, chomupatsa mphamvu yoletsa ena kuligwiritsa ntchito kwa zaka zingapo popanda chilolezo chake. Chikalata cha mlanduwu chinali nambala 5,838,906 ya ku America. Michael Doyle ndi anzake awiri, David Martin ndi Cheong Ang, ali ku University of California ku San Francisco, ankafuna kuti ofufuza azitha kutembenuza zithunzi za mwana wosabadwa mkati mwa browser momwemo. Anapempha patent mu October 1994, inatuluka mu November 1998, ndipo mu 1999 kampani ya Doyle, Eolas, inasumira Microsoft. Dzina lakuti Eolas ndi mawu a chinenero cha ku Ireland otanthauza chidziwitso. Mu August 2003, khoti la ku Chicago linagamula kuti Microsoft ilipire madola 521 miliyoni. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, analembera ofesi ya ma patent kuipempha kuti iunikenso chikalatacho. Ofesiyo inaunikadi, koma mu September 2005 inati chili bwino. Microsoft inaona kuti bola kusintha browser kusiyana n'kulipira.

Za mlandu tiimire pomwepa kaye. Chimene chimandikopa ine ndi ntchito imene amisiri olemba masamba anagwira pakati pa mkanganowu, makamaka kafayilo kamodzi ka JavaScript kotchedwa SWFObject.

Kuti timvetse chimene kankachita, tiyambe taona mmene patent ija inalembedwera. Inkafotokoza tsamba limene mkati mwake, pamalo ena ake, mwalembedwa mawu olozera ku chinthu chakunja. Browser ikawerenga mawuwo imadzutsa yokha pulogalamu ina yoti ionetse chinthucho pamalo pomwepo, munthu n'kumachigwiritsa ntchito. Denga lonselo linatsamira pa mizati iwiri: mawuwo akhale m'tsambamo, ndipo browser ichite zimenezi yokha. Kudina kowonjezera kuja kunazula mzati wachiwiri, popeza tsopano wodzutsa anali munthu. Koma mzati woyamba nawo unali wozulika. Microsoft yomweyo inalengeza kuti ngati mawu aja, amene mu HTML ndi object, embed kapena applet, sanalembedwe m'tsamba koma aikidwamo ndi JavaScript yochokera m'fayilo ina, chinthucho chizidzuka nthawi yomweyo popanda odi.

Njira ndiye inalipo. Vuto linali lakuti masamba anali miyandamiyanda, ndipo ambiri owalemba sanali akatswiri a JavaScript. Anali ojambula, eni timabizinesi, aphunzitsi, anthu amene ankangokopera mizere imene pulogalamu ya Flash yawalembera n'kuimata m'tsamba. Kuwauza kuti aliyense alembe fayilo yakeyake ya kanema aliyense kunali kuwasenzetsa mtolo wosayenera mutu wawo.

Geoff Stearns anali atalemba kale kafayilo kake mu 2004, akukatcha FlashObject, ndipo sanakalembe chifukwa cha Eolas. Chimene chinkamusautsa chinali china. Nthawi imeneyo kuika Flash m'tsamba kunkafuna mawu awiri, object wa Internet Explorer ndi embed wa ma browser ena, wina mkati mwa mnzake, ndipo embed sanali wovomerezeka m'malamulo a HTML. Komanso tsamba linalibe njira yabwino yodziwira ngati kompyuta ya mlendo ili ndi Flash, ndiponso ngati ili ndi yatsopano mokwanira. Stearns anatenga zonsezi n'kuzitsekera m'fayilo imodzi yapambali. Patapita chaka ndi theka, Internet Explorer itayamba kufuna odi, zinapezeka kuti masamba ogwiritsa ntchito kafayilo kake sanakhudzidwe n'komwe. Mankhwala anali atafika matenda asanabwere. M'mwezi womwewo wa April 2006 anasintha dzina kukhala SWFObject, chifukwa Adobe, imene inali itangogula Macromedia, kampani yopanga Flash, sinafune kuti mawu akuti Flash akhale pa chinthu chosakhala chake.

Tiyeni tikayang'ane pafupi. Wolemba tsamba ankachita zinthu zochepa kwambiri. Pamwamba pa tsamba ankalemba mzere umodzi woitana fayilo ya swfobject.js. Pamalo pamene akufuna kanema ankaika bokosi wamba la HTML, n'kulipatsa dzina, n'kulembamo chilichonse: mawu ofotokoza kanemayo, chithunzi, mndandanda wa masamba ena. Pansi pake ankalemba mizere iwiri. Woyamba unkatchula zinthu zisanu ndi chimodzi motsatana: dzina la fayilo ya kanema, dzina loti kanemayo azidziwika nalo, m'lifupi, msinkhu, nambala ya Flash yofunika, ndi mtundu wa kumbuyo. Wachiwiri unkangoti, lemba zimenezi m'bokosi lakuti. Basi.

Taonani pamene pagona nzeru. Mizere iwiri ija inkakhala m'tsamba momwemo, poonekera, pamene mwini tsamba angaisinthe mosavuta. Koma m'mizeremo munalibe object kapena embed. Inkangopereka miyeso, monga mmene munthu amasiyira telala miyeso ya malaya, ndipo kusoka kwenikweni kunkachitikira kuseri, m'fayilo yapambali. Kumeneko n'kumene mawu a object ankalumikizidwa chidutswachidutswa n'kulowetsedwa m'bokosi. Internet Explorer ikafunsa kuti mawuwa achokera kuti, yankho linali lakuti achokera kunja, ndipo inkatsegula chitseko. Fayilo imodzi yomweyo, ya makilobayiti ochepa chabe, inkatumikira makanema onse a pa webusayiti, ndipo browser ikaitenga kamodzi inkaisunga. Pa nthawi imene anthu ambiri ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni, kupepuka kotere sikunali nkhani yaing'ono.

Kasanasoke, kafayiloko kankafunsa kaye ngati Flash ilipo. Apa pali kanthu kamene ndimakakonda kuposa zonse, chifukwa kamaonetsa munthu amene anapsapo zala n'kuphunzira. Mu Internet Explorer, njira yodziwira nambala ya Flash inali kuidzutsa mwakachetechete n'kuifunsa. Koma mitundu ina yakale ya Flash 6 ikafunsidwa funso limeneli inkagwetsa browser yonse. Choncho SWFObject inkayamba kuitana Flash 7. Ikapanda kuyankha, inkaitana Flash 6, koma osaifunsa nambala msanga. Inkayamba yaiyesa ndi kapempho kena kosavulaza, kamene mitundu yakale ija inkakana. Ikakana, kafayiloko kankadziwa kuti iyi ndi ija yosachedwa kukomoka, n'kungoilemba kuti ndi 6 yakale, osaifunsanso kanthu. Umu ndi mmene munthu wodziwa ng'ombe amayambira kuisisita pamsana asanaigwire mwendo. Ndi mizere yochepa, ndipo mlendo wa pa tsamba sakanadziwa n'komwe kuti wapulumutsidwa.

Nanga Flash ikapezeka kuti palibe, kapena ndi yakale kwambiri, kapena munthu wazimitsa JavaScript? Kafayiloko sikankachita chilichonse. Bokosi lija linkatsala mmene mwini tsamba analisiyira, ndi mawu ake ndi chithunzi chake. Ambiri olemba mapulogalamu amaganiza kwambiri za chimene chidzachitike zinthu zikayenda bwino, n'kusiya cholephera chizidzionera chokha. Stearns anayambira kumbali inayo. Tsamba linkayamba lili lathunthu popanda Flash, ndipo Flash inkabwera ngati mlendo wodzakhala pampando umene unali kale ndi mwini wake. Zotsatira zake zinafika kutali kuposa vuto la odi. Makina ofufuzira monga Google, amene nthawi imeneyo ankavutika kuwerenga za mkati mwa Flash, ankapeza mawu oti awerenge. Munthu wosaona, amene kompyuta imamuwerengera tsamba mokweza, ngati analibe Flash ankapeza chomva m'malo mwa dzenje.

Panali kamsampha kamodzi koseketsa. Njira ya fayilo yapambaliyi sinkagwira ntchito pa kompyuta imene mwini wake watsegula chida chofufuzira zolakwika za JavaScript mu Internet Explorer. Ndipo ndani ankatsegula chida chimenecho? Amisiri omwewo. Choncho munthu ankatha kukonza tsamba lake bwinobwino, alendo onse n'kumalowa popanda odi, iye yekha n'kumaonabe mzere wotuwa uja pa kompyuta yake, akukanda mutu.

Wina angati zonsezi ndi ukathyali chabe, kuzemba lamulo podutsa kuseri kwa nyumba. Pang'ono ndikuvomera. Kwa munthu woonera kanema, panalibe kusiyana kulikonse pakati pa object wolembedwa m'tsamba ndi object wobwera ndi fayilo yapambali: chithunzi chomwecho, mabatani omwewo. Kusiyanako kunali kwa maloya, ndipo kukuonetsa mmene mlandu wa madola mamiliyoni mazana asanu unatsamirira pa funso lakuti mawu alembedwa m'fayilo iti. Koma mlandu wozemba sungagwere Stearns. Khomo lakuseriko analitsegula ndi Microsoft, ndipo iye anali atamanga kale njira yodutsa pamenepo pa zifukwa zake zomveka. Kulekanitsa zolembedwa m'tsamba ndi makina ozionetsa kunali kolondola Eolas isanamveke, ndipo kukanakhalabe kolondola popanda Eolas. Adobe nayo inatulutsa fayilo yake yothetsa vuto lomweli, AC_RunActiveContent.js, ndipo inkagwira ntchito, koma inabadwira vutolo basi, ngati chigamba. Ya Stearns inali nsalu yolukidwa bwino kuyambira pachiyambi. Anaiperekanso ulere, pa chilolezo cha MIT, chimene chimalola aliyense kutenga, kusintha, ngakhale kugulitsa. Pambali pa chikalata chimene ntchito yake inali kuletsa, zimenezi sizifuna ndemanga.

Sanali yekha. Bobby van der Sluis wa ku Netherlands anali ndi kafayilo kake kofanana nako kotchedwa UFO. M'malo molimbirana anthu, awiriwa anaphatikiza ntchito yawo pamodzi ndi Michael Williams wa ku Adobe, ndipo SWFObject 2 inatuluka mu 2008. Pambuyo pake Adobe inayamba kuiika m'zida zake zolembera masamba.

Pofika nthawiyo odi anali akutha. Microsoft ndi Eolas anagwirizana kunja kwa khoti mu August 2007, ndipo mu April 2008 kudina kowonjezera kuja kunachotsedwa mu Internet Explorer, patatha zaka ziwiri. Eolas sinakhale pansi. Mu October 2009 inasumira makampani oposa 20, kuphatikizapo Google, Amazon, Yahoo, Apple ndi Adobe, ku khoti la m'tauni ya Tyler ku Texas. Ambiri anagwirizana nayo mwamseri, ena anakana. Pa mlandu wa mu February 2012, Berners-Lee anapita yekha kukachitira umboni. Kunabweranso Pei-Yuan Wei, amene ali wophunzira ku Berkeley analemba browser yotchedwa ViolaWWW, ndipo mu May 1993 anaonetsa akatswiri a Sun Microsystems mmene kapulogalamu kangayendere mkati mwa tsamba, kutatsala chaka ndi miyezi isanu kuti Doyle apemphe patent yake. Oweruza anagamula kuti mbali za ma patent a Eolas zimene zinali pa mlanduwo zinalibe mphamvu, ndipo khoti la apilo linavomereza zimenezi mu July 2013.

Flash yeniyeniyo Adobe inaisiya kumapeto kwa 2020, ndipo ma browser a masiku ano saidziwanso. Koma masamba akale alipobe ambiri, a masukulu, a magulu oimba, a mahotela ang'onoang'ono, amene palibe wawakhudza kwa zaka khumi ndi zisanu. Ukatsegula limene Flash inamatidwa m'tsamba mwachindunji, nthawi zambiri umapeza malo opanda kanthu. Ukatsegula limene linadutsira pa swfobject.js, kafayilo kaja kamadzukabe, kamafunsa ngati Flash ilipo, sikamva yankho, n'kusiya bokosi mmene lilili. Pamene mwini tsamba anachita ulesi pamangotuluka kamzere kokuuza kuti ukatenge Flash. Pamene anachita khama pamatuluka zimene analemba mu 2006: chithunzi cha gulu loimba, maina a nyimbo, masiku a zoimbaimba zimene zinachitika kalekale.