Dalaivala amene katundu wake ndi galimoto yomwe wakweramo

Basi yachikasu yonyamula ana asukulu ikatha kupangidwa ku fakitale ya Blue Bird ku Fort Valley, m'chigawo cha Georgia ku America, kawirikawiri palibe lole imene imabwera kudzaibereka. Imanyamuka ndi matayala ake kupita kwa amene aigula, ngakhale akhale kumalekezero ena a dziko lalikululo. Ndi mmenenso amayendera mathiraki ambiri a Kenworth ochokera ku Chillicothe ku Ohio, a Peterbilt ochokera ku Denton ku Texas, komanso zigalimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati, zotchedwa RV, zimene kuchimake kwake ndi dera la Elkhart ku Indiana. Ozifikitsa kwa eniake ndi madalaivala a ntchito imene kumeneko amati driveaway. Luso lawo lagona pa kuyendetsa chinthu chamwini makilomita 2,000 kapena 3,000, n'kukachitula wogula osaona chizindikiro chakuti munakhalapo munthu wina.

Dalaivala wa thiraki wamba amakalamba ndi galimoto imodzi. Amadziwa giya imene imavuta kukazizira ndiponso phokoso limene si lodetsa nkhawa. Wa driveaway alibe mwayi umenewo. Lolemba ali pa basi ya mamita 12, Lachinayi ali pa mutu wa thiraki wopanda ngolo, sabata inayo wapatsidwa galimoto yotola zinyalala. N'chifukwa chake mmisiri amadziwika ola loyamba, akadali pabwalo la fakitale.

Tamuonani asanalize injini. Amaizungulira galimoto mosathamanga, pepala ndi foni zili m'manja, akusisita penti ndi chikhatho kuti amve pokalika pamene diso laphonya. Amagwada n'kusuzumira pansi ngati pagwa dontho la oilo kapena madzi. Mabawuti a matayala amawagwira limodzilimodzi. Kachilema kalikonse, ngakhale kang'alu ka pangodya ya galasi, amakajambula ndi kukalemba, poti chimene sichinalembedwe ponyamuka chidzakhala mlandu wake pofika. Akakwera amadikira mpweya wa mabuleki udzaze, n'kuzimitsa injini, kuponda buleki ndi kuigwira mphindi yathunthu, maso ali pa muvi wa geji, khutu lili panja kumvetsera ngati penapake pakuti fiii. Kenako amapopa bulekiyo mpaka belu lochenjeza litalira ndi kabatani kachikasu koimikira galimoto katatumphuka kokha. Pomaliza amayeza msinkhu wa galimoto kuchokera pansi kufika pa chinthu chomaliza chapadenga, n'kulemba nambalayo pakapepala kamene amakamata pafupi ndi chiwongolero. RV yaikulu imafika mamita pafupifupi 4, ndipo mlatho wamfupi sukambirana ndi munthu.

Pamsewu, galimoto iliyonse ili ndi khalidwe lake. Mutu wa thiraki wopanda ngolo umanyenga. Ungati poti wapepuka uima msanga, koma mabuleki ake anawapangira katundu wolemera, ndiye matayala akumbuyo akasowa chowapanikiza amangotsetsereka pamsewu wonyowa. Basi yasukulu ili ndi thupi lalitali kuseri kwa matayala akumbuyo: ukakhotera kumanja, kumbuyoko kumaponyera kumanzere, ndipo kungathe kukolopa pampu pamalo omwetsera mafuta. RV mdani wake ndi mphepo. Pamsewu wa Interstate 80 ku Wyoming mphepo imagudubuza magalimoto aatali koma opepuka, moti oyang'anira misewu nthawi zina amawaletsa kudutsa. Wodziwa ntchito amaonera zanyengo usiku, ndipo akaona kuti sikuli bwino amaima osachita nazo manyazi, ngakhale tsiku loimalo palibe amulipire.

Chosiririka kwambiri ndi kuberekanitsa mathiraki. Munthu mmodzi amatha kutenga anayi ulendo umodzi. Yakutsogolo ndiyo imayenda. Yachiwiri amaisanjika mutu pamsana pa yoyambayo, pa chitsulo chomwe amati saddle. Yachitatu pamsana pa yachiwiri, yachinayi chimodzimodzi, matayala akutsogolo ali m'malere. Lamulo la boma la America limalola mndandanda wotere kutalika mamita pafupifupi 30 m'misewu ikuluikulu. Mathiraki okokedwawo amawasolola mashafiti kuti giyabokosi isamazungulire injini ili chizimire n'kupsa chifukwa chosowa oilo. Mapaipi a mpweya ndi mawaya a nyali amawalumikiza kuchokera kutsogolo mpaka kumchira, kuti mabuleki onse azimvera phazi limodzi. Chinthu chopindika malo atatu sichilola kubwerera chambuyo, choncho dalaivala salowa pamalo asanaone potulukira. Akafika, kreni imatsitsa mathirakiwo imodziimodzi, iye n'kugwira masipanala, kubwezeretsa mashafiti, kumanga mabawuti, kulongedza zitsulo zija kuti zibwerere kumene zinachokera. Munthu yemweyo ndi dalaivala, makaniko ndiponso kalaliki.

Pali luso lina limene siligwira sipanala, ndilo kudziletsa. Woyendetsa RV amatha masiku atatu ali ndi bedi latsopano kumbuyo kwake, firiji, shawa ndi chimbudzi, koma makampani ambiri salola kuti azigwiritse ntchito, chifukwa wogula analipira kuti akhale woyamba. Ali ngati mwana wotumidwa kukapereka nsima ya alendo: njala ali nayo, fungo akulimva, koma kutsina n'kosatheka. Sasutiramo fodya, pansi amayalapo chofunda chake kuti nsapato zisadetse kapeti, ndipo asanalowe pageti la wogulitsa amatsuka tizilombo tonse tofera pagalasi. Kudziletsa komweko kumafunikanso pa maola. Lamulo limati munthu asayendetse kupitirira maola 11 m'kati mwa maola 14 a ntchito, kenako apume maola 10. Kuyambira Disembala 2017 mathiraki ambiri amawerengetsa maola ndi makina olumikizidwa ku injini, koma a driveaway analoledwa kupitiriza ndi buku lolemba pamanja, poti galimoto yomwe akuyendetsayo ndiyo malonda. Cholembera chimalemba chimene mwini wake wafuna, ndiye chimene chimaimitsa dalaivala wotopa ndi chikumbumtima chake basi.

Akatula makiyi ndi kusainitsa pepala, amatsala ndi chikwama chokha, kutali ndi kwawo. Ambiri mwa iwo ndi odzilemba okha ntchito, amalipidwa pa mtunda umene ayenda ndi galimoto, ndipo kubwerera n'kwa m'thumba mwawo. Apa mpamene phindu limapezeka kapena kuthawa. Ena amakoka kagalimoto kawo kakang'ono kumbuyo kuti adzabwerere nako. Ena amakwera basi ya Greyhound, sitima ya Amtrak kapena ndege yotchipa. Katswiri amalumikiza maulendo asananyamuke: atule RV ya ku Indiana m'chigawo cha Texas, komweko atengeko thiraki yolowera chakwawo, kuti pasakhale tsiku loyenda manja lendelende.

Ntchitoyi si yachilendo kwa ife. Anyamata ndi azibambo amene amakwera basi kupita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto, maminibasi ndi malole otsika m'sitima kuchokera ku Japan amachita zomwezi, mwinanso zovuta kuposa, chifukwa zawo ndi zakale ndipo mbiri yake saidziwa. Amadutsa nazo m'nkhalango ya Mikumi, kukwera phiri la Kitonga, kudzera ku Iringa ndi Tukuyu, kuwoloka pa Songwe, kenako kulimbana ndi makona a Chiweta, akumvetsera injini imene akumana nayo dzulo. Inu amene mwatuma munthu wotere, musamuimbire foni ola lililonse kumufunsa chimene akuchedwera. Mupatseni ndalama yogonera kuti asayende usiku wonse ali ndi tulo, ndipo galimoto ikafika yopanda chilema, mulipireni monga mmisiri.