ZIDA ZA MLAKATULI: TIYAMBIRE PAMTONDO, DZINA LIBWERE PAMBUYO

Anzathu otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba ku Mualadzi, ku Nsadzu ndi kuno ku Chifunde, pali cizolowezi cimene catilowa ndipo tifuna ticiunike pamodzi. Ophunzira akangodziwa kulumikiza zilembo, ambiri a ife timathamangira kuwalembera mndandanda pa bolodi: cifanifani, cining'a, mkuluwiko, mvekero, cibwereza. Ife amene tinaphunzira m'Cipwitikizi timaonjezapo metáfora ndi rima. Amai amakopera bwinobwino m'kope, kuloweza, tsiku la mayeso n'kubweza monga anamvera. Koma tikawapempha kuti alakatule okha, amaweramitsa mutu n'kuti zimenezo n'za anthu ophunzira. Madzulo ake mai yemweyo ali pamtondo, akuimba nyimbo yolasa apongozi ake mwaluso loti ife a coko sitingalifike. Apa cina calakwika, ndipo colakwaco n'cathu.

Mndandandawo pa wokha si woipa. Maina a Cinyanja ambiri anacokera ku Malawi ndi ku Zambia, kumene ciyankhuloci cakhala m'sukulu zaka zambiri. Abale amene anathawa nkhondo, ena ku Ukwimi kufupi ndi Petauke, ena ku Malawi, anabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 atanyamula mabuku ndi kalembedwe ka kumeneko. Kuno kwathu msonkhano woyamba wolongosola kalembedwe ka ziyankhulo za dziko lino unacitika mu 1988, kuphunzitsa ana m'Cinyanja kunayesedwa ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kunalowa m'sukulu za boma mu 2003. Conco mainawa ndi a dzulodzuloli. Koma zinthu zimene akuchula n'zakale monga ufumu wa Undi, pamene likulu lake linali ku Mano, ca ku mtsinje wa Kapoche. Tiyeni tizione cimodzicimodzi.

Cifanifani ndi fanizo

Akulu amati mlendo ndi mame. Akanati mlendo ali ngati mame, cikanakhala cifanifani, pakuti liu lakuti "ngati" kapena "monga" ndilo ulalo wolumikiza zinthu ziwirizo. Koma iwo anacotsa ulalo, mlendo n'kusanduka mame enieniwo. Ili ndilo fanizo limene a Cipwitikizi amati metáfora. Tsono m'malo moloweza dzinalo, funsani kalasi: kodi mame amatani? Wina adzati amagwa usiku osaodira. Wina adzati amanyowetsa miyendo. Wina adzati dzuwa likangokwera, basi apita. Mayankho atatuwa ndiwo tanthauzo lonse: mlendo amafika mosayembekezeka, amasautsa pang'ono, koma sakhalitsa, ndiye usamumane nsima. Kwa anthu amene iwo eni anakhalapo alendo kutsidya kwa malire, mau atatuwa salira mphunzitsi wowamasulira.

Pomwepa tidzudzulepo ndakatulo zimene zimatifika kucokera m'makalasi. Zifanifani zake zambiri n'zobwereka: mkazi aliyense ndi wokongola ngati duwa, mtima uliwonse ndi woyera ngati cipale cofewa cimene palibe wa kuno anaciponda. Cifanifani cabwino cimatenga cinthu cimene omvera anacigwirapo ndi manja. Woyera ngati ufa woyanika pamphasa. Wouma mtima ngati nthaka ya mu Okutobala. Pamenepo womvera amaona ndi maso, osati kungovomera ndi mutu.

Cining'a ndi mkuluwiko

Awiriwa timawasokoneza kawirikawiri. Mkuluwiko, kapena kuti mwambi, umaima pa wokha wathunthu ndipo sitiusintha: mutu umodzi susenza denga. Cining'a ndi kacidutswa kolowa m'kati mwa ciganizo, kosinthika malinga ndi amene tikumunena: ndamutsina khutu, anatitsina khutu, mukamutsine khutu. Palibe khutu limene latsinidwa. Munthu wangocenjezedwa mwakacetecete.

Nkhani iyi si yamasewera. Pokamba pakamwa palibe Mcewa angaphonye cining'a. Koma wowerenga watsopano nzeru zake zonse zimathera pa kulumikiza maphatikizo, ndiye amatenga mau monga alili. Taganizani kalata kapena uthenga wa pafoni wocokera kwa mbale ali ku Tete, wonena kuti agogo atsamira dzanja. Wophunzira wathu ndiye amene anansi amamudalira kuti awawerengere. Akawerenga mauwo mosamva kuti ndi uthenga wa maliro, kuwerenga kwake kwathandiza ciani? Cizolowezi cikhale cakuti akatha ciganizo aime, n'kudzifunsa kuti, kodi mauwa akanawanena munthu pamaso panga, ndikanamva ciani?

Kodi rima ndi yathu?

Apa ndi pamene tasocera kwambiri. Ena taphunzitsa kuti ndakatulo ndi mau amene mizere yake imathera mofanana. Ku Cipwitikizi zimenezo zimafuna luso, cifukwa mau ao amathera mosiyanasiyana. Koma m'Cinyanja liu lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Kulima, kudya, kugona, kulira: mwana aliyense angathe kuwandandalika mpaka mawa. Zotsatira zake ndi ndakatulo zokakamiza, zimene wolemba amasankha liu cifukwa ca mcira wake, ganizo n'kulisiya panjira.

Nyimbo ya ciyankhulo cathu ili kumutu kwa mau. Tamvani ciganizo ici cimene tangopanga: kamwana kanga kakang'ono kagona ndi njala. "Ka" wabwera kasanu popanda kumufunafuna, cifukwa mau a Cinyanja amagwirizana okha, ndipo "ka" yemweyo ndiye akucepetsa mwanayo kuti timumvere cifundo. Mvetserani ndiponso mmene timakokera phatikizo loyandikana ndi lomaliza tikafika kumapeto kwa ciganizo. Mlakatuli wodziwa amadula mzere wake pamene kukokako kukugwera.

Cina ndi magawo awiri olemera mofanana: fodya wako ndi wa pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Mphuno yayang'anana ndi cala, "wako" wayang'anana ndi "wa mphepo", monga matumba awiri omangidwa uku ndi uku pa njinga. Masalmo ambiri anamangidwa motero, mzere waciwiri kubwereza kapena kutsutsa woyamba, ndipo n'cifukwa cake m'Buku Lopatulika la 1922 amamveka ngati anabadwira kwathu konkuno.

Cibwereza naconso tisacide. Wokamba nthano akati padangokhala, ife timayankha kuti tili tonse, ndipo timayankhabe mpaka nthano ithe. Pamtondo mzere umabwerezedwa cifukwa musi nawo ukubwereza. Pa pepala zimaoneka ngati kuononga inki, ndiye dzanja lathu limayabwa kuti tikhwace. Musanakhwace, uzani mwini wake awerenge mokweza. Ngati kubwerezako kukugwedeza mitu ya anzake, kusiyeni.

Mvekero

Ici ndico cuma cimene ziyankhulo za ku Ulaya zilibe cambiri. Iwo ali ndi mau otsanzira phokoso, koma athu amafika pa mtundu wa cinthu, pa kayendedwe, ngakhale pa bata: kuda bii, kuyera mbee, kufiira psuu, kukhala phee. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. Coyamba: titabwerera tinapeza m'mudzi mulibe anthu ndipo pabwalo panamera udzu wambiri. Caciwiri: titabwerera tinapeza mudzi uli zii, pabwalo udzu uli thoo. Coyamba ndi lipoti la kwa mfumu. Caciwiri cimakuimika pabwalopo, mtolo uli pamutu. Tamvapo kuti ena amaletsa mvekero ati n'cimidzimidzi cosayenera kulembedwa. Ai ndithu, anzathu, kumeneko n'kutaya ndiwo n'kusunga mbale. Cenjezo n'limodzi lokha: mvekero uli ngati mcere, ukacuruka ndiwo sizidyeka. Umodzi pa malo ake uposa khumi omwazika.

Mlakatuli ndi myankhuli

Tatsiriza ndi ici cifukwa ndico colemera koposa. Mlakatuli ndi amene wapeka ndakatulo. Myankhuli ndi amene akuti "ine" m'kati mwake. Nthawi zina ndi munthu mmodzi, nthawi zambiri ai. Makolo ankadziwa bwino kusiyana kumeneku. Mai woimba pamtondo za mwamuna woledzera sangaimbidwe mlandu, pakuti adzati ndimangoimba. Komabe mwini nkhani wamva. Nthano imaveka Kalulu ndi Fisi umunthu kuti inene za wocenjeretsa ndi wadyera popanda kuchula dzina. Za kudambwe sitilowamo, koma aliyense amene anaonerapo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amadziwa kuti Simoni wa nkhope yofiira uja amaseka makhalidwe a mzungu pabwalo poyera popanda wogwidwa pakamwa. Ngakhale mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, anayamba ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kankhosa kake.

M'makalasi mwathu mumakhala anthu amene mabanja ao anali mbali zosiyana pa nkhondo ya zaka 16 ija, ndiponso akazi amene ali ndi zowawa za m'nyumba zimene sanganene poyera. Wina akalimba mtima n'kulemba kuti "ine" anandiochera nyumba, kapena "ine" ndimagona ndi mikwingwirima, tisamufunse pamaso pa anzake kuti anakucitani ndani. Tikatero, sabata yamawa mpando wake udzakhala wopanda munthu, ndipo mwina tamuyambitsira mlandu kumudzi. Tiphunzitse kalasi yonse, tsiku loyamba lomwe, kuti "ine" wa m'ndakatulo safunsidwa dzina. Tikambe za mau ake: kodi fanizoli lagwira? Kodi mzere uwu suli bwino utafupika? Mwini wake akafuna kutiuza zambiri, adzatipeza yekha panjira.

Tsono ticite bwanji?

Titembenuze ndondomeko. Tsiku la ndakatulo bolodi liyambe lili lopanda kanthu. Wina aponye cilape, anzake ayankhe nacize. Wina anene mwambi umene anaumva pa mlandu. Amai aimbe ya pamtondo imene saopa kuimba pagulu. Tilembe zimenezo monga zanenedwera, tiwerenge pamodzi, tifunsane kuti cakoma n'ciani ndipo cakoma cifukwa ninji. Wolemba "ch" monga anaphunzirira ku Malawi tisamucititse manyazi tsiku limenelo. Za kalembedwe zili ndi tsiku lake. Akaciona cinthuco ndi maso ao, pamenepo tinene kuti ici ca m'mabuku amaciti cifanifani, ici amaciti mvekero. Kwathu kuno mwana amayamba wabadwa, dzina n'kubwera pambuyo.

Pa msonkhano wathu wotsatira, mtsogoleri aliyense abwere ndi miyambi isanu, zining'a zisanu ndi mivekero isanu yotoledwa pakamwa pa ophunzira ake, atalemba mudzi umene waimva. Za ku Nsadzu tidzaziyerekeza ndi za ku Mualadzi, tione pamene zikusiyana.