Mzere wochotsera mapointi awiri

Mu 2003, Philip Wells wa ku Ottawa, Canada, ndi anzake anasindikiza mu New England Journal of Medicine kafukufuku wa magazi oundana m'mitsempha ya mkati mwa mwendo. M'kafukufukuyo muli kamndandanda ka mizere 10 kamene madokotala akugwiritsabe ntchito poyerekezera ngati mwendo wotupa uli ndi magazi oundana.

Mizere 9 yoyamba, uliwonse umapereka pointi imodzi. Muli khansa imene ikuchizidwa, mwendo wofa mphamvu kapena womangidwa chikhakha, kugona pabedi masiku 3 kapena kuposa, kutupa kwa mwendo wonse. Penapo malangizo ngachindunji: yezani katumba pa masentimita 10 kuchokera pa kafupa kotumphuka kunsi kwa bondo, ndipo akaposa wa mwendo winawo ndi masentimita 3, lembani pointi. Aliyense wokhala ndi tepi angayeze zimenezi.

Mzere wa 10 ndiwo umandikopa. Umati ngati pali matenda ena amene angafotokoze kutupako mofanana kapena kuposa magazi oundana, chotsani mapointi 2. Apa tepi ilibe ntchito. Kodi khungu lalowa tizilombo? Kodi mnofu wang'ambika? Woyankha ndi dokotala amene wagwira mwendowo, ndipo olembawo analemeretsa kuona kwake kawiri kuposa khansa. Ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale kuti madokotala awiri angasiyane pa wodwala mmodzi chifukwa cha mzere umenewu.

D-dimer, kachidutswa kotsala thupi likamasungunula magazi oundana, mulibe mumndandandamu. Amabwera pambuyo. Mapointi akakhala osakwana 2 ndipo D-dimer n'kupezeka wotsika, wodwala angapite kwawo osaunikidwa ndi ultrasound. Akafika 2, mwendo uunikidwe basi. D-dimer wokwera payekha sanena zambiri, poti amakweranso ndi ukalamba, pakati, opaleshoni ndi matenda oyamba ndi tizilombo. Amene amayamba ndi kuyeza magazi asanawerenge mapointi wawerenga pepalali chakumbuyo.

Zosalembedwamo nazo n'zambiri: mapiritsi olerera okhala ndi estrogen, kunenepa kwambiri, ulendo wautali wokhala pansi, chibadwa cha Factor V Leiden. Zonsezi zimachulukitsa chiopsezo, koma mndandandawu ukufunsa za mwendo umene watupa lero, osati za amene angadzadwale m'tsogolo. Unayesedwanso pa odwala oyendera kuchipatala, ndipo pa ogonekedwa m'wodi sulosera bwino chimodzimodzi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti HIV ndi TB mulibenso, chikhalirecho onse awiri amachititsa magazi kuundana msanga ndi kukweza D-dimer. Kuzipatala zakwathu kuno odwala otere ngochuluka, ndipo miyendo yawo imatupanso pa zifukwa zina. Dokotala wofulumira kuchotsa mapointi 2 aja angabweze kunyumba munthu amene magazi ake oundanawo angathe kusomphoka n'kukatseka mtsempha m'mapapo.