Ngwazi Yobisa Dzina Lake

Munthu akafunsidwa kuti ngwazi ya m'ndakatulo zamakedzana imadziwika ndi chiyani, amafulumira kutchula mphamvu, kulimba mtima ndi mbiri yomveka kutali. Sakunama. Koma zimenezi sizimuvuta mlakatuli, pakuti m'mizere iwiri yokha akhoza kupatsa munthu mkondo n'kumugwetsera adani zana. Ntchito yake yeniyeni imayamba pamene mphamvuzo zagwera munthu amene sanayenere kufa, ngwaziyo itaima n'kumayang'ana zimene manja ake achita. Apa m'pamene ndakatulo zikuluzikulu zimasiyanirana, ndipo m'pamene tiyenera kuweruzira ngwazi zake.

Iliad, imene Agiriki amati ndi ya Homer, inapekedwa zaka pafupifupi 2,700 zapitazo ndipo ili ndi mizere yoposa 15,000 m'mitu 24. Ambiri amaiyesa nkhani ya kugwa kwa mzinda wa Troy, chikhalirecho mulibe hatchi yamatabwa ija, ngakhale imfa ya Achilles mulibe. Mutu wake ndi mkwiyo wa munthu mmodzi. Achilles akukangana ndi mfumu Agamemnon, akunyanyala nkhondo, anzake n'kumafa iye ali chikhalire m'chihema. Amene akumudzutsa ndi imfa ya bwenzi lake Patroclus, wophedwa ndi Hector. Akupha Hector, n'kumangirira mtembo wake kugaleta, n'kumaukoka m'fumbi tsiku ndi tsiku. Palibe kholo limene lingaloze munthu wotere n'kuuza mwana wake kuti atengere chitsanzo.

Komabe m'mutu womaliza, Priam, bambo a Hector, nkhalamba yachifumu, akulowa usiku m'chihema cha mdani, akupsompsona manja amene anapha ana ake, n'kumupempha kuti akumbukire bambo ake omubereka. Awiriwa akulira, aliyense maliro ake, kenaka akudyera pamodzi. Homer sakumusandutsa Achilles munthu wofatsa: ngakhale usiku umenewo akuchenjeza nkhalambayo kuti isamupute. Koma akuyang'ana mdani n'kuona bambo, akupereka mtembo, n'kulonjeza masiku 11 opanda nkhondo kuti a ku Troy aike maliro awo mwaulemu. Ndakatuloyo ikuthera pamanda a Hector.

Tsono tiyeni ku Persia. Ferdowsi wa ku Tus anamaliza Shahnameh, Buku la Mafumu, m'chaka cha 1010, atalilemba zaka pafupifupi 30. Ngwazi yake yaikulu ndi Rostam, mzati wa dziko la Iran, munthu amene mafumu amamuitana zinthu zikathina. Poyerekeza ndi Achilles, Rostam amaoneka munthu wodalirika: akakwiyira mfumu amabwereranso, ndipo moyo wake wonse ndi wotumikira dziko. Koma ine ndikuona kuti Ferdowsi anamuweruza mouma kuposa mmene Homer anaweruzira ngwazi yake.

Nkhani yake ili motere. Rostam, pofunafuna hatchi yake Rakhsh imene inasowa, anafika ku Samangan, kumene anakwatira Tahmineh, mwana wa mfumu. Sanakhalitse. Anamusiyira mwala wamtengo wapatali woti adzamange pamkono wa mwana akadzabadwa wamwamuna, iye n'kubwerera kwawo. Mwanayo, Sohrab, anakulira kuchikazi, bambo ake akungowamva m'mbiri. Atakula msanga modabwitsa, ananyamuka ndi gulu lankhondo kukafuna bambo akewo, ali ndi maganizo achibwana oti akachotse mfumu Kay Kavus n'kuika Rostam pampando. Afrasiab, mfumu ya Turan ndi mdani wakale wa Iran, anamupatsa asilikali, n'kunong'oneza akazembe ake kuti bambo ndi mwana asadziwane.

Owerenga ambiri amati zimene zinatsatirazo ndi tsoka lolembedwa kale, ndipo Ferdowsi mwini amalitchula tsokalo kawirikawiri. Koma taonani mmene anayalira nkhaniyo. Munthu amene Tahmineh anamutuma kuti akalozere mwanayo bambo ake anali malume ake a Sohrab, Zhende Razm. Amene akudziwa kulemera kwa malume m'banja aona msanga kukula kwa chimene chinatayika usiku umene Rostam, atazemba kukazonda msasa wa adani, anakumana naye mumdima n'kumupha ndi nkhonya imodzi, osafunsa n'komwe kuti ndani. Kenaka Hojir, msilikali wa Iran amene Sohrab anamugwira, anakana kuloza chihema cha Rostam poopa kuti mnyamatayo angamuphe. Khomo lililonse likutsekedwa ndi munthu, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Khomo lomaliza akutseka ndi Rostam mwini. Pabwalo lankhondo Sohrab akumufunsa maso ndi maso ngati iye ndi Rostam, pakuti mtima ukumuuza choncho. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwa mnyamatayo fupalo likulankhula. Rostam akukana, n'kudzitcha munthu wamba. N'chifukwa chiyani? Mwina ankafuna kuti mdani aziopabe kuti kumbuyoko kuli wina woposa iye. Mwina ankateteza dzinalo, kuti akagonja lisagonje naye limodzi. Mulimonsemo, dzina limene analimanga zaka zambiri lasanduka chuma choti achibise, ndipo akulibisa kwa munthu yekhayo amene anali mwini wake.

Choipitsitsa chikubwera pa kulimbana kwachiwiri. Sohrab akumugwetsa pansi, mpeni uli m'manja. Rostam akumuuza kuti mwambo wa kwawo sulola kupha ngwazi pa kugwa koyamba. Linali bodza lopulumutsira moyo, ndipo mnyamatayo akulikhulupirira, n'kumusiya. Atakumananso, Rostam akumugwetsa n'kumubaya nthawi yomweyo, osakumbukira mwambo umene anaupeka yekha. Ndi pamene Sohrab, ali kufa, akunena kuti bambo ake Rostam adzalipsira imfa yake, ndipo pansi pa chovala chankhondo pakuoneka mwala uja. Makhalidwe amene timayamikira ngwazi, chifundo kwa wogonja, kukhulupirira mawu a mkulu, kufunitsitsa mtendere, Ferdowsi anawapereka kwa mwana. Kwa bambo anasiyako ukathyali ndi kupambana.

Nkhani ya bambo ndi mwana siili ku Persia kokha. Kugombe la Aswahili, kumene njira zamalonda zochokera kunyanja yathu zinkathera, kuli Fumo Liyongo, amene Muhammad Kijumwa wa ku Lamu anamulembera ndakatulo mu 1913. Kumeneko zinatembenuka: mwana ndiye akubaya bambo pamchombo ndi chida chamkuwa, chinthu chokhacho chimene chikanamupha, ndipo chinsinsicho anachimva kwa bambo ake omwewo. Liyongo akufera pachitsime atagwada, uta uli chikokere, anthu n'kumaopa kutunga madzi poyesa kuti akali moyo. Iye anafa chifukwa choulula kwa mwana wake. Rostam anapha chifukwa chobisira wake.

Koma chimene chimandisautsa kwambiri mu Shahnameh chimabwera mpeni utalowa kale. Kay Kavus anali ndi mankhwala otchedwa nushdaru, amene akanachiza bala la Sohrab. Rostam akutuma mkulu wina, Gudarz, kukawapempha. Mfumu imene Rostam anaipulumutsa ku ukapolo ku Mazandaran, imene waiphera mwana wake yemwe, ikukana, poopa kuti bambo ndi mwana akakhala mbali imodzi palibe amene adzawaletse. Priam anapempha kwa mdani n'kupatsidwa. Rostam akupempha kwa mbuye wake n'kumanidwa. Akunyamuka yekha kuti akaonane ndi mfumuyo, koma ali m'njira uthenga ukumupeza woti mnyamatayo watsirizika. Akutentha chihema chake, akunyamula bokosi la maliro kupita nalo kwawo ku Zabolestan, ndipo m'nkhani zotsatira tikumupezanso akumenyera nkhondo mfumu yomweyo.