Kupuma Si Malipiro: Deuteronomo 5:14 pa Chipyela

Pali chiphunzitso chimene chimamveka kawirikawiri m'matchalitchi mwathu, ndipo ife ansembe sitingakane kuti tinachilalikapo. Chimati munthu ayambe wamvera, Mulungu amdalitse, kenaka apume. Nchokoma m'khutu, koma Malembo Oyera sayenda motero. M'buku la Genesesi munthu alengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku loyamba kumchera ndilo lopuma, lodalitsidwa iye asanagwire nkhasu lomwe. Dalitso litsogola, kumvera kudza pambuyo.

Nanga kumverako nkotani? Lamulo la Sabata linalembedwa kawiri. Eksodo 20 alimangira pa chilengedwe. Deuteronomo 5 alimangira pa ukapolo wa ku Ejipito, natchula mmodzimmodzi oyenera kupuma: mwana, kapolo wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu, mlendo. Ndime 14 inenanso cholinga chake, kuti kapolo apume monga mbuye wake. Tsono womvera pano sali uja wadziyalira mphasa pamthunzi, koma amene watula mnzake katundu. Aristotle anaphunzitsa kuti timagwira ntchito kuti tipeze mpata wopuma, ndipo timamlemekeza pa mfundoyi. Komatu mpata wakewo unali wa mfulu zokha, akapolo ali kalikiliki kuseri. Deuteronomo ndiye awaitana akapolowo.

Ndimeyi tinaimvetsa bwino titaima pa Chipyela, pa chilumba cha Likoma. Dzinalo litanthauza malo otentherapo, pakuti ndipo ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Tisafulumire kuwaweruza makolowo. Maganizo awo anali akuti tsoka silidza lokha: mwana akafa, bwato likamira, alipo walakwa, ndipo mudzi sudzagona tulo mpaka iyeyo atachotsedwa. Kodi mlaliki wonena kuti dalitso ndi malipiro a kumvera wasiyana nawo kwenikweni? Ngati wodala ndiye womvera, ndiye kuti wodwala, wosabereka ndi wosauka ali ndi mlandu. Nkhuni zokha ndizo zachoka. Kuloza chala kulipobe. Abwenzi a Yobu analankhula chimodzimodzi, ndipo Mulungu anawadzudzula.

Pa malo omwewo abale athu a mpingo wa Anglican anamanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Mishoni yawo, yobadwa pa pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857, inakhazikika pachilumbapo mu 1885, malonda a akapolo akali kuwolotsa anthu pa nyanja. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo tchalitchicho chinapatulidwa mu 1911. Anthu amene anamva mawu a Deuteronomo m'nyumbamo zaka zimenezo sanafunike wowamasulira kuti kapolo ndani, goli ankalidziwa. Ngakhale mbiri ya mishoniyo itsutsa chiphunzitso cha malipiro chija: Chauncy Maples, atangodzozedwa uepiskopi mu 1895, anamira m'nyanja asanafike ku Likoma kudzayamba udindo wake. Palibe anganene kuti anamira chifukwa cha kusamvera.

Wina adzatikumbutsa Deuteronomo 28, pamene madalitso alonjezedwa kwa omvera ndi matemberero kwa opanduka. Nzoona, ndipo sitikufuna kuwafufuta mawuwo. Koma analankhulidwa kwa mtundu wonse umene unali utawomboledwa kale, osati kwa munthu wofuna kuwerengera mnzake machimo. Mtundu wosalola antchito ake kupuma umadzikolera wokha moto.

Funso tsono ligwera mwini makoka amene akhala pa mpando wa kutsogolo Lamulungu m'mawa, anyamata ake atachezera usiku wonse pa usipa. Ligwera bambo wopumula pakhonde pamene mayi asinja chinangwa cha kondowole. Ligweranso ife. Pa parishi ina pamene tinatumikirapo tinalalika za Sabata Misa ziwiri, tinabwerera kunyumba, ndipo tinapeza nsima ili pa tebulo, yotentha. Wophikayo sanapite ku Misa iliyonse, ndipo zaka zitatu zinatha tisanamfunse chifukwa chake.